Spitfire MH434 ndi Bf 109G-6 mu sikelo ya 1/48: pomwe ntchito yafika

Zomwe tikumanga

Tikumanga tindege tiwiri tapulasitiki ta nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, mu sikelo ya 1/48 (ndege yeniyeni kuichepetsa ka 48), toti tidzaime pa thabwa limodzi. Kena ndi Spitfire LF Mk IX ya nambala MH434 ya 222 Squadron, gulu lina la asilikali a m'ndege a Britain (RAF), kena ndi Messerschmitt Bf 109G-6 ya ku Germany, ya mtundu womwe unkauluka kumpoto kwa France mu Ogasiti ndi Seputembala 1943. Mpaka pano nthawi yambiri yathera pa kusankha makiti, mabokosi a zidutswa zapulasitiki zomangira tindegeti, ndipo sitikudandaula nazo. Kiti imatuluka m'chikombole monga njerwa: chikombole chikakhota, chilichonse chotulukamo chimakhala chokhota, ndipo penti sangachiwongole.

Tinayamba ndi ndege yeniyeni, bokosi linabwera pambuyo. MH434 inapangidwa ku fakitale ya Castle Bromwich mu 1943, inayesedwa m'mlengalenga ndi Alex Henshaw, kenako inapita ku 222 Squadron komwe inalembedwa zilembo ZD-B. Woyendetsa wake wodziwika anali Henry Lardner-Burke wa ku South Africa. Ndegeyi ilipobe, imauluka kuchokera ku Duxford ku England, choncho zithunzi zake zamakono n'zosawerengeka. Koma zithunzi zimenezo ndi msampha. Nkhondo itatha inagwira ntchito ku asilikali a Netherlands ndi a Belgium, ndipo yakonzedwa kambirimbiri. Zomwe ili nazo lero si zonse zomwe inali nazo mu 1943. Zithunzi zamakono tikuzigwiritsa ntchito poona maonekedwe a thupi ndi mapiko basi. Za matayala, maekizozi, malamba a pampando ndi utoto tikudalira zithunzi za nthawi ya nkhondo.

Kusiyanitsa Mk IX ndi abale ake

Tisanayang'ane kiti iliyonse tinalemba zomwe zimapangitsa kuti Mk IX ikhale Mk IX. Ndegeyi inalowa m'nkhondo pakati pa 1942 kuti ithane ndi Focke-Wulf Fw 190 ya ku Germany, imene inkapambana Spitfire Mk V. Anaiika injini ya Merlin ya m'gulu la 60, yokhala ndi chopopera mpweya cha magawo awiri, ndipo injiniyo inatalikitsa mphuno. Mk V ndi yaitali mamita 9.12, Mk IX mamita 9.47. Mu sikelo yathu kusiyanako ndi mamilimita 7, ndipo diso limakuona msanga. Pulopela ili ndi masamba anayi, osati atatu. Maekizozi ndi asanu ndi limodzi mbali iliyonse. Pansi pa mapiko pali marediyeta awiri ofanana, pomwe Mk V ili ndi rediyeta yaikulu kumanja ndi kachoziziritsa mafuta kobulungira kumanzere.

Pa mapiko ndi pomwe ambiri amagula kiti yolakwika. Mabuku ena amalemba MH434 kuti "Mk IXB", ndiye munthu amathamangira kufuna phiko la mtundu wa B, la Mk VB lija. Ayi. Oyendetsa ndege ankagwiritsa ntchito dzina limenelo posiyanitsa ndege za injini ya Merlin 66 ndi zoyambirira. Phiko lake ndi la mtundu wa C. Phiko la C lili ndi mzinga umodzi wa Hispano wa 20 mm m'malo a mkati, kachitsa kotsekedwa pambali pake, ndi mfuti ziwiri za Browning .303 kunja. Phiko la E linabwera mu 1944: mzinga unasunthira m'malo a kunja, mfuti ya .50 inalowa m'malo a mkati, ndipo chotupa chapamwamba pa phiko chinasunthanso. Kiti ya Mk IXe siingatithandize popanda kudula ndi kudzaza.

Mchira wa MH434 ndi wobulungira uja, osati wosongoka womwe unabwera m'mbuyo mwake. Nsonga za mapiko ndi zathunthu, zosadulidwa. Chilembo cha LF chimanena za injini, sichitanthauza kuti mapiko anadulidwa.

Miyeso

Tinatenga miyeso ya ndege yeniyeni n'kuigawa ndi 48. Mapiko a Spitfire, nsonga mpaka nsonga, ndi mamita 11.23, ndiye pa kandege ayenera kukhala mamilimita 234. Kutalika kwa thupi 197. Pulopela ya Rotol ya mafiti 10 ndi mainchesi 9 ikhale 68. Bf 109G-6 ili ndi mapiko a mamita 9.925, kutanthauza mamilimita pafupifupi 207, ndipo pulopela yake ya VDM ya mamita 3 ikhale 62.5.

Milimita imodzi pa kandege ndi masentimita 4.8 pa ndege yeniyeni. Tagwirizana kuti kuphonya kwa milimita imodzi pa mapiko onse tikulekerera, chifukwa palibe amene angakuone. Koma milimita yomweyo ikasowa pa makulidwe a mphuno kapena pa msinkhu wa galasi la kokipiti, nkhope ya ndege imasintha. Si manambala okha. Malo pomwe cholakwika chagwera ndiwo amalamula.

Mapulani osindikiza, zojambula za ndege mu sikelo yathu, sitikuwakhulupirira mwachisawawa. Makina osindikizira amachepetsa tsamba pang'ono kuti likwane pa pepala, fotokope imatambasula mbali imodzi kuposa inzake, ndipo pepala limafutukuka nyengo ya mvula. Tisanaike pulasitiki pa pulani timayeza kaye pulaniyo ndi rula yachitsulo, m'litali ndi m'lifupi. Mapiko akapanda kukwana 234 pa pepalapo, pulaniyo ndi yongoonera maonekedwe. Makiti ambiri abwino anyozedwa chifukwa cha mapulani olakwika. Poyeza kiti timamata zidutswa zikuluzikulu ndi tepi, thupi mbali ziwiri, phiko lapansi ndi apamwamba, mchira, n'kuyeza ndi vernier, kachipangizo kopana koyezera mamilimita. Guluu sanafike apa.

Kiti ya Spitfire: tasankha ya Eduard

Tinaika pamzere makiti atatu odziwika a Mk IX mu 1/48. Ya Hasegawa imamangika bwino ndipo mizere yake ndi yosalala, koma omanga akhala akuipeza yaifupi m'thupi kuyambira pomwe inatuluka. Kuikonza kumafuna kudula thupi n'kuikamo chigamba, kapena kugula thupi lina la resin (utomoni woumitsa), ndipo mtengo wake umafika pa kiti ina. Ya ICM maonekedwe ake ndi abwino ndipo ili ndi injini yonse m'kati, koma imadziwika ndi timaenje tobonyoka pa mabokosi oyambirira. Timaenjeti timabwera pomwe pulasitiki wakhuthala: kunja kumauma msanga, m'kati kukamazizira kumakoka khungu. Amene ali nayo kale asaitaye. Asiye injini kunja, asunge tizidutswa togwira maekizozi ndi pulopela basi, zivindikiro za mphuno zidzatsekeka mosavuta.

Ya Eduard, yomwe inatuluka mu 2013, ndiyo tatenga. Pansi pa thupi, pomwe mapiko amakumana nalo cha kumbuyo, Spitfire ili ndi kupindika kofanana ndi mapiko a mbalame ya kunyanja, ndipo makiti akale ambiri anapasiya pafulati. Apa kupindikako kulipo. Mapiko amakwera madigiri 6 kuchokera pa thupi, ndipo pomata ndi tepi anakhala pomwepo popanda kuwakakamiza. Kampaniyi imagulitsa pulasitiki yemweyo m'mabokosi osiyana. ProfiPACK ili ndi tizitsulo topyapyala ta m'kokipiti, tepi yodulidwa kale yophimbira magalasi ndi zizindikiro za ndege zingapo. Weekend ili ndi pulasitiki ndi ma decal, zizindikiro zomata poziviika m'madzi. Overtrees ndi pulasitiki yekha. Maonekedwe a ndege ndi amodzi m'mabokosi atatuwa, ndiye amene ndalama zamuchepera sakutaya kulondola, akungotaya zokometsera. Choyenera kusamala ndi mawu olembedwa pansi pa dzina: pali Mk IXc yoyambirira, Mk IXc yam'mbuyo ndi Mk IXe, ndipo mapiko apamwamba ndi osiyana. Yoyambirira ili ndi zotupa zazikulu zophimba malo a mizinga iwiri, yam'mbuyo ili ndi zotupa zopyapyala.

Pali kanthu kena kokhudza mabokosi. Dzina la pa bokosi si nthawi zonse limakhala la mwini chikombole. Revell, mwachitsanzo, yagulitsapo pulasitiki wa Hasegawa ndi wa ICM m'mabokosi ake. Bokosi latsopano lokhala ndi chithunzi chokongola litha kukhala ndi pulasitiki wa zaka makumi awiri zapitazo pamodzi ndi zilema zake zonse. Pa mafelemu a pulasitiki kapena m'kati mwa phiko nthawi zambiri pamakhala dzina ndi chaka. Tizifunsa wogulitsa atijambulire pamenepo tisanalipire.

Kiti ya Bf 109G-6

Apa dzina la kampani silinatithandize, nambala ya bokosi ndiyo inatithandiza. Eduard inatulutsa G-6 mu 2014, bokosi nambala 8268, ndipo zinapezeka kuti kandegeko kanakula kupyola sikelo, makamaka mapiko. Kampaniyo inavomereza n'kusema zikombole zatsopano, zomwe zinatuluka mu 2016 ndi manambala a 82111 kupita m'tsogolo. Mabokosi akale aja akadali m'manja mwa anthu ndipo amagulitsidwa motchipa. Kandege kotere kakaima kokha sikaoneka cholakwa, koma ife tikukaika pafupi ndi Spitfire. Mapiko a Bf 109 ayenera kuchepa ndi mamilimita 27 poyerekeza ndi a Spitfire, ndipo kuchepa kumeneko ndi kumene anthu adzabwere kudzaona. Ya 2014 yagwa pamenepo.

Zatsala ziwiri: ya Eduard yatsopano ndi ya Tamiya ya 2017, nambala 61117. Ya Tamiya ili ndi injini ya DB 605 ndi zivindikiro zogwira ndi maginito kuti uzitha kutsekula ndi kutseka, ndipo zidutswa zake zimalowerana pafupifupi popanda fila, phala lodzazira mipata. Ya Eduard ili ndi timisomali tosemedwa pa khungu lonse ndi zidutswa zambiri zosinthira. Tatenga ya Tamiya. Chifukwa chachikulu ndi miyendo ya matayala. Bf 109 imaima motangadza, miyendo itatsamira kutsogolo, matayala atapendekeka, ndipo kuphonya pang'ono kumaoneka kuchokera kutsidya la chipinda. Pa kiti imeneyi miyendo imalowa m'malo ake molimba, osasiya mpata woti munthu aganizire yekha.

G-6 ndi dzina limodzi la ndege zosiyana kwambiri. Zonse zili ndi zotupa ziwiri zobulungira patsogolo pa kokipiti, zophimba mfuti za MG 131 za 13 mm. Kupatula apo, zinkapangidwa ku Regensburg, ku Erla mu Leipzig ndi ku Wiener Neustadt, ndipo fakitale iliyonse inali ndi kachitidwe kake pa zivindikiro za mphuno ndi pa mawanga a utoto. Ya 1943 yomwe tikufuna ili ndi galasi la kokipiti la mafelemu ambiri ndi mchira waufupi. Galasi loyera la Erla ndi mchira wautali ndi za m'mbuyo mwake, tizisiya pa felemu. Mzere woyera wozungulira pa chisoti cha pulopela nawonso unafala mu 1944. Osaukopera pa chithunzi cha bokosi. Mizinga ya MG 151/20 yolendewera pansi pa mapiko inali pa ndege zina osati zonse, choncho mabowo ake sitiboola mpaka titasankha ndege imodzi ya JG 26 kapena JG 2, magulu a ndege zankhondo a Germany, yokhala ndi chithunzi chomveka.

Chizindikiro cha swastika cha pa mchira sichipezeka m'mabokosi ambiri, kapena amachidula pawiri, chifukwa cha malamulo a ku Germany. Amene akufuna ndege monga inalili ayang'ane pepala la ma decal asanagule.

Amene ali ku Johannesburg ali ndi mwayi. Ku Ditsong National Museum of Military History kuli Spitfire Mk VIII, Bf 109E ndi F, komanso Fw 190. Si mitundu yathu yeniyeni, koma kuona kaimidwe ka Bf 109 ndi maso kumathandiza kuposa pulani.

Zomwe zamatidwa kale pa Spitfire

Kokipiti yatha. Penti wobiriwira motuwa, Tamiya XF-71, tapaka m'chipinda cha woyendetsa mokha; kuseri kwa felemu ya pampando kupita kumchira ndi mtundu wa aluminiyamu. Mpando ndi wofiirira moderako, chifukwa unali wa mapepala oumbidwa ndi utomoni, sunali wachitsulo. Spitfire ilibe pansi popondapo m'kokipiti, munthu amaona mpaka pa khungu la m'mimba, ndiye kiti yokhala ndi thabwa lafulati pamenepo yalakwa. Kachitsulo kotsegulira pangozi ka pa chitseko sitikapaka kofiira. Kufiirako kunabwera nkhondo itatha.

Pomwe pamafuna kuleza mtima ndi chivindikiro chapamwamba cha injini. Chimabwera m'zidutswa ziwiri, kumanzere ndi kumanja, pomwe pa ndege yeniyeni palibe msoko pakati. Mukamata ndi guluu wamadzi wosungunula pulasitiki n'kupala mawa lake, msoko umaoneka ngati watha, koma pakapita masabata umabwereranso pansi pa penti. Chifukwa chake n'choti mankhwala a guluu amapitiriza kuuluka ndipo pulasitiki wofewa uja amafota. Fila wa m'chubu amachitanso chimodzimodzi. Njira yomwe tatsata ndi iyi: kumata ndi Tamiya Extra Thin wochepa kuchokera m'kati, kusiya sabata yathunthu, kenako kuyendetsa kadontho ka supaguluu pa msoko wakunja. Supaguluu safota, koma apalidwe mkati mwa ola limodzi; akagona amalimba kuposa pulasitiki, ndipo sandipepala amadya m'mbali n'kusiya kamtunda pakati. Tayamba ndi 600, kenako 1000, kumaliza ndi 2000, zonse ndi madzi, sandipepala atakulungidwa pa kasiponji kuti msana wobulungira usaphwatalale. Tapopera penti wotuwa wopyapyala n'kuunika ndi tochi kuchokera m'mbali. Timisomali tomwe tafufutika tidzabwezera ndi nsonga ya singano. Chivindikiro chomwe tasankha ndi chosatukuka. Chotukukacho ndi cha ndege zomwe zinabwera pambuyo pake, za nthawi ya Mk XVI.

Maekizozi pa kitiyi amalowa chivindikiro chisanatsekedwe, choncho tawapaka kale ndipo tidzawaphimba ndi tepi. Ndi a kukamwa kophwatalala ngati mchira wa nsomba. Obulungira aja amaoneka kwambiri pa ndege za pambuyo pa nkhondo.

Ma flap, tizitseko ta kumbuyo kwa mapiko totsitsidwa potera, akhala otseka. Oyendetsa Spitfire ankawakweza akangotera chifukwa amatchinga mpweya wotuluka m'marediyeta ndipo injini imatentha msanga pansi. Kugula ma flap azitsulo n'kuwatsitsa ndi kuwononga ndalama pa chinthu chosaoneka pa zithunzi za ndege zoimikidwa. Pa Bf 109 ndi zosiyana: tizidutswa ta kutsogolo kwa mapiko timatseguka tokha, ndipo ndege ikaima nthawi zambiri timaoneka titatuluka.

Utoto ndi zizindikiro

Kuyambira Ogasiti 1941 ndege zankhondo za masana za RAF zinkapakidwa Dark Green ndi Ocean Grey pamwamba, Medium Sea Grey pansi. Mu Tamiya ndi XF-81, XF-82 ndi XF-83. Chisoti cha pulopela ndi lamba wa kumchira ndi Sky, XF-21, ndipo kutsogolo kwa mapiko cha kunja kuli mzere wachikasu. Lambayo anali mainchesi 18, kutanthauza mamilimita 9.5. Tidzamupopera m'malo mogwiritsa ntchito decal, chifukwa thupi limachepa polowera kumchira ndipo decal imachita makwinya. Mizere yakuda ndi yoyera ya pa mapiko ndi pa thupi, yooneka pa zithunzi zambiri za Spitfire, ndi ya Juni 1944, ilibe malo pa ndege ya 1943.

Ma decal nawonso tawayeza. Chizindikiro chobulungira cha pamwamba pa phiko chinali mainchesi 56, ndiye mamilimita 29.6. Cha pa thupi mainchesi 36, mamilimita 19. Cha pansi pa phiko mainchesi 32, mamilimita 17. Manambala a MH434 anali mainchesi 8, mamilimita 4.2. Kufiira kwa nthawi ya nkhondo n'kozimiririka ngati dothi lakatondo, ndipo buluu wake ndi woderako. Pepala lokhala ndi mitundu yowala ndi la zaka za pambuyo pa nkhondo. Pepala lina lakale lomwe tinalipeza m'bokosi logula kwa munthu lachita chikasu. Tadulapo kachizindikiro kosafunika n'kukaviika m'madzi ofunda, kanasweka tizidutswa. Lotere limapulumuka polipaka vanishi wa ma decal pamwamba, koma limakhuthala, ndiye talisiya. M'nyumba zamalata ma decal asungidwe m'jumbo yotseka, ndipo mabokosi asakhale pafupi ndi denga. Kutentha kumapinda mapiko opyapyala.

Bf 109 idzakhala ndi mitundu ya utoto wa ndege za Germany yodziwika ndi manambala a RLM: RLM 74 ndi 75 pamwamba, RLM 76 pansi ndi m'mbali, kokipiti RLM 66, m'mabowo a matayala RLM 02. Mawanga a m'mbali mwa thupi adzafuna airbrush (chopopera penti) ya kukamwa kwa 0.2 mm, penti wosungunulidwa gawo limodzi pa magawo atatu a thina (mankhwala osungunulira penti), mphepo yotsika cha m'ma 12 psi. Penti akakhuthala amalavula timadontho, akachuluka thina amayenderera ngati miyendo ya kangaude. Tiyeserera pa phiko lakale kaye.

Zotsala

Choyamba ndi kufananiza zithunzi za 1943 za ma Spitfire a manambala oyamba ndi MH, kuti titsimikize zinthu zitatu tisanatseke mphuno ndi kumata mchira: chopumira cha pansi pa mphuno, chachifupi kapena chachitali cha Aero-Vee, mtundu wa ma elevator (tizidutswa toyenda ta pa timapiko ta kumchira), ndi matayala, a masipoko asanu kapena anayi. Pambuyo pake mapiko amatidwa pa thupi, kuyambira kutsogolo kupita kumbuyo, tepi itakokedwa kuchokera nsonga ina kudutsa pamwamba pa thupi kufika nsonga inayo kuti madigiri 6 aja asagwe guluu akamauma. Magalasi adzamatidwa ndi guluu woyera wa matabwa, chifukwa nthunzi ya supaguluu imawachititsa chifunga m'kati momwe simungapukutenso. Bf 109 ikhala m'bokosi mpaka ndege yake itasankhidwa ndi fakitale yake itadziwika.